Momwe mungadziwire nsomba ya parrotfish mukafika kunyanja ya mchere

Ukapita ku Pemba kapena ku Vilankulo m'dziko la Mozambique n'kuvala magalasi a m'madzi, nsomba zonse zimangooneka zofanana, zobiriwira izi zabuluu izi, mutu kuzungulira. Koma parrotfish, yomwe a Chiswahili amati pono, siivuta kuidziwa bola udziwe poyang'ana.

Choyamba yang'anani pakamwa basi. Mano ake ndi omatana onse pamodzi ngati mlomo wa chinkhwe (parrot m'Chingerezi), ndiye kumene kunachokera dzinalo. Ngati mano ali osiyanasiyana, ena otuluka ngati a galu, imeneyo ndi wrasse, msuweni wake. Pa nkhani ya usuweniyi, kale asayansi ankaika nsomba za parrotfish m'banja lawolawo la Scaridae, koma atayeza DNA anapeza kuti zili mkati mwa banja la wrasse, Labridae, ndiye mabuku ena amalemba chonchi ena chonchija, musadabwe. Mitundu ya parrotfish ilipo pafupifupi 90.

Chachiwiri tcherani khutu mkati mwa madzimo. Mumva kukukuta, kwe kwe kwe, ndi iyoyo ikupala ndere pa miyala ya korali (miyala yopangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja), monga mbuna zimachitira pa matanthwe a ku Cape Maclear. Ili ndi mano ena pakhosi omwe amapera zidutswa za korali zija, kenako imatulutsa mchenga woyera kumbuyo. Eee, mchenga wina umene anthu amajambulitsapo zithunzi kugombe unadutsa m'mimba mwa nsomba.

Kenako onani kasambiridwe, imapalasa ndi zipsepse za m'mbali ngati mbalame ikuuluka, mchira imaugwiritsa ntchito ikadzidzimuka. Mamba ake ndi akuluakulu.

Mtundu wa thupi musaukhulupirire ayi, apa mpamene ambiri amasokera. Zambiri zimayamba zili zazikazi, zofiirira kapena zotuwa, ndiye ina ikakula imasanduka yaimuna n'kukhala yobiriwira yowala, moti akatswiri akale ankalemba nsomba imodzi ngati mitundu iwiri.

Mukaona chinsomba chachikulu chokhala ndi chotupa pamphumi, ndi Bolbometopon muricatum, yaikulu kuposa zonse, imapitirira mita imodzi. Ndipo ngati mwalowa usiku ndi tochi n'kupeza parrotfish itagona m'mphanga itakulungidwa m'kathumba koterera ngati mamina, isiyeni, zina za mtundu wa Scarus ndi Chlorurus zimapanga kathumbako madzulo alionse kuti tizilombo toyamwa magazi tisazilume zili mtulo.