Musathamangire kuyatsa chochotsa phokoso pa rekoda yanu

Marekoda ambiri a m'manja masiku ano ali ndi batani lochepetsera phokoso, ndipo anthu akangogula amaliyatsa n'kuliiwala. Langizo langa ndi lakuti mukamajambula mawu ofunika, makamaka a munthu amene simudzamupezanso, batanili lizimitseni.

Makinawa sadziwa kuti uyu ndi munthu. Amatchera khutu ku mawu osasinthasintha, monga kulira kwa fani, filiji, kapena kung'ung'udza kwa magetsi pa 50 kapena 60 Hz (muyeso wa kusongoka kapena kunenepa kwa liwu; nambala yaying'ono ndi liwu la besi), n'kumawatsitsa. Tsoka lake, mawu a munthu amadutsanso momwemo. Valani mahedifoni mudzimvere nokha: "s" ndi "f" amafooka, mathero a mawu amadukiza, ndipo wolankhula motsitsa amamveka ngati ali pansi pa madzi. Akapuma kumangoti zii, akayambiranso phokoso lija limabwera naye limodzi. Galu akauwa kapena chitseko chikamenyetseka, batanilo silithandiza kwenikweni poti phokosolo ndi ladzidzidzi. Ndipo chimene chadulidwa pojambula chapita basi, ngakhale kompyuta yanu ikhale yamphamvu bwanji.

Onani kaye buku la rekoda yanu. Pa marekoda ena batanili limagwira ntchito pomvetsera pokha, failo osaikhudza. Ngati yanu ndi yotere, palibe chodetsa nkhawa.

Mankhwala enieni a phokoso ndi kuyandikira. Mukachepetsa ndi theka mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni, mawu amakwera ndi pafupifupi 6 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pamene phokoso la m'chipinda lili pomwepo. Masentimita 15 mpaka 20 ndi okwanira, ndipo maikolofoni ikhale chapambali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "b" usamaiwombe. Rekoda yongoikidwa pakati pa tebulo imatola zonse, ngakhale kugogoda kwa cholembera.

Mphamvu yojambulira ikani nokha, mawu akakwera azifika cha pa -12 dB pa mita yosonyeza kukula kwa mawu ya pa rekodayo. Ija yodzisinthira yokha, imene imalembedwa kuti AGC kapena Auto, ndi mnzake wa vutoli: munthu akakhala chete imadzikweza n'kukokera phokoso pamwamba. Low cut, imene imadula mawu a besi kwambiri okha, ndiyo mungayatse mosaopa. Pa 80 Hz imachotsa kugunda kwa manja ndi mkokomo wa magalimoto, mawu a munthu osawonongeka kwenikweni. Koma panja musaidalire yokha, vekani maikolofoni chipewa chaubweya chija chotchinga mphepo.

Jambulani mu WAV, mtundu wa failo wosunga mawu onse, osati MP3 imene imataya zina kuti failo ichepe, ndipo musananyamuke pemphani onse akhale chete kwa masekondi 30 rekoda ikujambula. Zimaoneka zachibwana, ena amaseka, koma kachigawo kameneka ndi kamene pulogalamu yaulere yokonzera mawu pa kompyuta ya Audacity imaphunzirirapo phokoso la chipindacho. Pamenepo mumachepetsa pang'onopang'ono mukumvetsera, ndipo mawu akayamba kumveka ngati a m'madzi, mumabwerera ku failo yoyamba imene mwasunga padera.