Momwe mungakonzere tsiku loonetsa zaluso ndi kuyendera amisiri kuno ku Chigwa cha Shire

Munthu wa ku Nchalo kapena ku Bangula akafuna kuona zojambula zitapachikidwa bwinobwino pakhoma, amakwera mtunda wa Thabwa mpaka ku Blantyre. Kumeneko amakalowa ku Mandala House, nyumba yakale ija inamangidwa mu 1882, komwe kuli La Caverna, malo oonetsera ndi kugulitsa zojambula, kapena amakafika ku Chichiri kunyumba yosungirako zinthu zamakedzana. Ndi malo abwino ndithu, ndipo amene sanapiteko apiteko. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti timabwerako tikuganiza kuti luso lili kumtunda kokha, chonsecho kuseri kwa nyumba zathu kuli amayi oumba mitsuko, abambo oluka mikeka ya mlaza, osema mitondo ndi mabwato, okonza valimba (chida choimbira cha timatabwa), ndi anyamata amene amajambula nkhope za anthu pamakoma a mometera tsitsi. David Livingstone atadutsa kuno mu 1859 anapeza Amang'anja akupota thonje, kuwomba nsalu ndi kusula zitsulo. Manja amenewo sanathe.

Nyumba yapadera yoonetseramo zaluso si yofunika kuti muyambe. Chofunika ndi tsiku limodzi, chipinda chimodzi, ndi amisiri ochepa ovomera kuti alendo akawapeze pamene amagwirira ntchito. Kakonzedwe kake n'kotere.

Yambirani pamsika

Musayambe ndi komiti. Pitani tsiku la msika pa Dyeratu, pa Ngabu kapena kulikonse muli nako pafupi, ndipo mukaona chinthu chopangidwa mwaluso funsani kuti anapanga ndani. Nthawi zambiri wogulitsayo ndi wooda chabe, mwini luso ali kumudzi. Lembani dzina ndi mudzi m'kope. Yang'ananinso zikwangwani za magolosale: ojambula ambiri amasiya mayina awo pakona yam'munsi. Funsani aphunzitsi a Expressive Arts kupulayimale, amadziwa ana ndi achinyamata amene sasiyana ndi pensulo.

Amisiri 6 kapena 8 akwanira. Onse akhale m'dera limene kabaza angazungulire m'mawa umodzi. Mukasakaniza wa ku Chapananga ndi wa ku Marka tsiku limodzi, mudzathera ndalama ndi nthawi pamsewu.

Pitani kwa amfumu musanapite kwa mmisiri

Ichi n'chachifupi koma musachidumphe. Gulu la alendo likalowa m'mudzi anyakwawa asakudziwa, mavuto amatsalira mmisiri uja inu mutapita. Kafotokozeni tsiku, chiwerengero cha anthu ndi cholinga, ndipo muwaitane adzaone nawo chionetserocho.

Kucheza ndi mwini luso

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ulendo woyamba pitani nokha, kapena ndi munthu mmodzi wodziwika m'mudzimo. Odirani, khalani pamene akukhazikani, lonjeranani mokwanira. Ngati ndi banja lolankhula Chisena ndipo inu simuchidziwa bwino, ngakhale "takhuta" (zikomo) yekha amatsegula mtima. Nkhani ya chionetsero ibwere pambuyo. Yambani ndi kupempha kuti, "Amayi, ndingaone nawo mmene mumaumbira?" kapena "Agogo, mlaza umenewu mumakautenga kuti?"

Ine ndinakhalapo m'mawa wonse pakhomo pa mayi wina woumba mbiya. Dongo anali atalinyika dzulo lake. Analikanda akutola timiyala ndi zala, chifukwa kamwala kamodzi kotsalira kamang'ambitsa mphika pamoto. Anayambira paphale, n'kumakweza khoma pang'onopang'ono, dzanja lina mkati lina kunja, akusalaza ndi chitsononkho. Pofika pamlomo anatenga kansalu konyowa, n'kuzungulira kamodzi kokha, mlomo uja n'kuwongoka ngati wayezedwa. Kenako anauika pamthunzi, osati padzuwa, poti dzuwa la kuno limaumitsa kunja mkati mukadali mwamuwisi. Kupukuta ndi mwala wosalala wa kumtsinje kunali kwa tsiku lina, kuotcha kwa tsiku linanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene waona zimenezi ndi maso ake sangayambenso kunenerera mtengo wa mtsuko ngati akugula tomato wamadzulo, ndipo ichi ndicho chifukwa chachikulu chotengera anthu kumakomo a amisiri.

Mukayamba kukamba za alendo, funsani momveka zinthu izi, ndipo yankho lililonse mulilemekeze. Alandire anthu angati nthawi imodzi? Ndi mbali iti ya ntchito imene akufuna kuonetsa? Oumba ena safuna mlendo pafupi tsiku lootcha, ndipo ali ndi zifukwa zawo za mwambo, musakakamire. Kodi alola kujambulidwa pafoni, nanga zithunzizo ziikidwe pa Facebook ndi pa WhatsApp? Ena amalola kujambula manja ndi katundu koma osati nkhope. Kodi pakhomopo pali pokhala ndi chimbudzi chimene alendo angagwiritse ntchito? Funso limeneli limachititsa manyazi kufunsa, koma likapanda kufunsidwa manyazi ake amadzagwera mwini khomo.

Pali zinthu ziwiri zimene musazipemphe n'komwe. Choyamba ndi za kudambwe. Gule Wamkulu ndi wolemekezeka mpaka UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005, koma zimenezo sizikupatsani chilolezo chopempha kuona kumene zinthu zake zimakonzedwa. Amene akufuna kuphunzira za gule mwadongosolo apite ku Mua m'boma la Dedza, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Chachiwiri ndi chilichonse chochokera ku nyama zakutchire: mnyanga wa njovu, dzino la mvuu, chikopa. Tili pakati pa nkhalango zosungirako nyama za Majete, Lengwe ndi Mwabvi, ndipo lamulo la nyama zakutchire limamanga wogulitsa ndi wogula yemwe. Chinthu chotere chisafike patebulo lanu. Osema muwafunsenso kumene amapeza mitengo yawo, makamaka ngati ndi mphingo kapena tsanya.

Sankhani mwezi mwanzeru

Okutobala ndi Novembala ayi. Kutentha kumapitirira madigiri 40, palibe amene angayende mudzi ndi mudzi, ndipo m'holo ya malata simukhalika. Dzinja nalonso ayi: amisiri ali kumunda, dongo siliuma, misewu ya m'midzi imaduka, ndipo tonse tikukumbukira zimene madzi anachita mu Januwale 2015 komanso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti. Dzuwa limakhala lofatsa, anthu agulitsa thonje ndi chitowe, ndipo ku Nchalo ndi nyengo yodula nzimbe. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, ndilo tsiku lake. Onetsetsani kuti silikuwombana ndi chinkhoswe chachikulu kapena msonkhano wa mpingo m'deralo.

Malo ndi kayalidwe ka katundu

Holo ya tchalitchi, chipinda cha ku TDC (malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi), kalasi ya sukulu nthawi ya holide, ngakhale khonde lalitali loyang'ana pamthunzi wa nimu, zonsezi zitheka. Chachikulu pakhale kuwala kokwanira popanda kudalira magetsi, ndipo pakhale pafupi ndi msewu. Ngati simunaonepo mmene zinthu zachikhalidwe zimayalidwira kuti anthu aziona, pakhomo lolowera ku Lengwe anakhazikitsapo malo otchedwa Tisunge, osungirako mbiri ya chigwa chino, mungatengeko nzeru.

Khoma likakhala lakuda kapena lodzaza ndi matchati, pachikani mphasa zatsopano kuti zikhale kumbuyo kwa zojambula. Mangani chingwe cholimba, zojambula za papepala muzipanire ndi mapegi a zovala, pakati pa chithunzi pakhale molingana ndi maso a munthu woimirira. Musadzaze khoma. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri pakati pa chithunzi ndi chinzake, kuti chilichonse chioneke pachokha. Zojambula za pensulo zivekeni pulasitiki yoonekera mkati, poti ana amaona ndi zala, ndipo chala cha thukuta chikangokhudza ndiye kuti ntchito ya sabata yathunthu yaonongeka. Dzuwa lisawombe pa zopenta. Mwera ukayamba, chilichonse chopepuka chimauluka, choncho panirani m'munsi momwe.

Mitsuko musaiyale pansi ngati pamsika. Ikani pamadesiki ophimba ndi nsalu yosachita maluwa ambiri, uliwonse pankhata yake kuti usagubuduke. Mikeka ina muipachike yotambasula kuti maluwa ake aoneke, ina isiyeni pansi anthu aikhudze. Valimba aikidwe poti mwini wake azitha kuimba. Chida choimbira chongokhala chete sichikopa munthu.

Pa chinthu chilichonse pakhale kapepala: dzina la wopanga, mudzi wake, chimene wapangira, ndi mtengo. Nambala ya foni muilembe pokhapokha mwini wake atavomera. Dzinalo ndi lofunika kwambiri kwa ine. Takhala tikugula zinthu zokongola ngati zinangomera zokha, osadziwa kuti ndi manja a yani.

Za ndalama mugwirizane katundu asananyamuke

Mtengo atchule mwini wake. Mukaona kuti wadzichepetsa, muwerengereni naye masiku amene wagwira, ulendo wokatenga dongo kapena mlaza, nkhuni zootchera, mtengo wa penti ku Blantyre. Ngati mukufuna kudulapo kangachepe kolipirira holo ndi mayendedwe, nenani poyera kuti pa K1,000 iliyonse mutengapo zingati, ndipo mulembe m'kope pamaso pa mboni.

Gwirizananinso za katundu wosweka. Ine ndinaphunzira movutika. Ulendo wina tinamangirira mitsuko panjinga ndi malamba a chubu popanda udzu pakati, ndipo iwiri inafika itang'aluka. Sitinakambiranepo kuti zikatero alipire ndani. Ndinalipira, koma mayi amene anaiumba anakhumudwa, ndipo panatenga nthawi kuti andikhulupirirenso. Mitsuko imafuna udzu wouma kapena masamba a nthochi mkati ndi kunja, m'dengu kapena m'katoni, ndipo wakabaza muuzeni kuti palibe chothamangira.

Munthu mmodzi yekha asunge ndalama ndi kope. Konzaninso nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba, chifukwa ambiri amene angagule chithunzi chachikulu sayenda ndi ndalama m'thumba. Pakhomo la holo musalipiritse ulendo woyamba. Koma amene akupita kumakomo a amisiri asonkhe kandalama ka mayendedwe ndi kena kosiyira mmisiri aliyense, agulitse asagulitse, poti wasiya ntchito zake n'kulandira alendo.

Kulengeza

Masabata awiri akwanira. Perekani chilengezo m'mipingo ndi m'mizikiti, m'magulu a WhatsApp a aphunzitsi, a zaumoyo ndi a kuminda ya nzimbe, komanso pawailesi za m'dera monga Nyanthepa ku Nsanje. Kauzeninso a malo ogona alendo pafupi ndi Majete ndi Lengwe, chifukwa alendo awo amafunafuna chokagula chopangidwa konkuno. Chikwangwani chokhoma pamsewu mulembetse kwa mmodzi mwa ojambula anu omwewo, ndipo mumulipire.

Tsiku lenilenilo

Ulendo wa kumakomo uyambe 7 koloko m'mawa kusanatenthe, ndipo pofika 11 koloko mukhale mutabwerera kuholo. Gulu lisapitirire anthu 10. Likakula ligaweni pawiri, ena ayambire uku ena uko. Pakhomo lililonse mphindi 30 kapena 40 n'zokwanira. Musananyamuke auzeni alendo malamulo: kulonjera kaye, kusalowa m'nyumba osaitanidwa, kusagwira chinthu chimene sichinaume, kupempha asanajambule, ndi kusanenerera mtengo pamaso pa ana a mwini khomo. Aliyense atenge madzi ake akumwa, musakathere banja madzi amene lakatunga kutali.

Mukafika, inu otsogolera nenani dzina la mmisiri basi, kenako khalani chete alankhule yekha. Ena amayamba mwamanyazi, koma mukawafunsa amene anawaphunzitsa, nkhani imamasuka: agogo awo, dambo limene kunali dongo labwino madzi asanalikwirire ndi mchenga, bwato loyamba limene anasema. Ngati mwini wake walola, mlendo mmodzi kapena awiri ayeseko kuluka mzere umodzi kapena kugwira dongo.

Masana onse akhale a kuholo, amisiri ali pafupi ndi katundu wawo. Zolankhula za akuluakulu zikhale zazifupi. Ikani kope lina pakhomo kuti ofuna kuoda alembe dzina, nambala ndi chimene akufuna, chifukwa oda ya mikeka isanu yodzatenga mwezi wamawa imaposa zogulitsa za tsikulo. Ana asukulu musawathamangitse. Apatseni ngodya yawo, mapepala ndi makala.

Chinthu chogulidwa chisachoke msanga. Lembani pakapepala kake kuti "chagulidwa", mwini wake adzatenge 3 koloko, kuti obwera mochedwa asapeze makoma opanda kanthu.

Mukatseka, khalani pansi ndi amisiri onse dzuwa lisanalowe. Werengani kope mokweza, aliyense alandire ndalama zake tsiku lomwelo ndipo asayine kapena adinde chala. Katundu wotsala mumulongedze ndi udzu womwe uja, abwerere kwa eni ake mawa lake m'mawa, pamodzi ndi mayina a anthu amene aoda.