Swichi inakana kuyaka chifukwa cha neutral

Titagumula makoma pokonzanso nyumba, ndinagula maswichi oyatsira magetsi pogwiritsa ntchito foni. Nditayesa imodzi pabalaza, siinayake n'komwe. M'kabokosi ka kumbuyo kwa swichi, kupatula waya woteteza wa earth, munali mawaya awiri okha: wofiira wa live, wobweretsa moto, ndi wopita ku babu. Neutral, waya wobweza moto, anathera kudenga, monga ankalumikizira kale, pomwe maswichi amenewa amafuna moto usana ndi usiku, ndipo popanda neutral sangaupeze.

Mwayi wake tinali tisanapake pulasitala. Ndinapempha amisiri atsitse neutral kufika pa swichi iliyonse, mabokosi akuya 25 mm tinachotsa n'kuika a 47 mm chifukwa maswichiwa ndi onenepa kumbuyo. Waya wa intaneti wa Cat6 tinaupatsa paipi yakeyake, kutali ndi wamagetsi wa 230 V, ndipo m'paipi iliyonse tinasiyamo chingwe chokokera waya wina.