Database ya ku Thyolo ikakana kulumikiza: malangizo a maofesi a ku Chipata ndi Lusaka

Malangizowa ndi a inu amene muli ku Zambia ndipo mumalowa mu database ya MySQL yomwe ili pa seva ya Ubuntu ku ofesi ya ku Thyolo. Ikakana, musathamangire kuzimitsa ndi kuyatsanso rauta. Yambani mwawerenga nambala imene yatuluka pa sikirini, chifukwa ndiyo imaloza pamene pathina.

ERROR 2003 imabwera ndi nambala ina kumapeto. Ikakhala 110, kapena 10060 pa Windows, ndiye kuti uthenga wanu wapita koma yankho kulibe. Mwina firewall, chitetezo chimene chimasefa mauthenga olowa pa netiweki, yaumeza, mwina ku Thyolo magetsi athima batire la UPS n'kutha, mwinanso mvula yamphamvu yafooketsa netiweki. Imbani foni kaye mufunse ngati seva ndi yoyaka. Kenako lembani Test-NetConnection adiresi-ya-seva -Port 3306 mu PowerShell. Ping yokha musaikhulupirire, ma firewall ambiri saiyankha ngakhale zonse zili bwino.

Ikakhala 111, kapena 10061, pa seva mwafika ndithu, koma pa port 3306, khomo limene MySQL imalandirirapo mauthenga, palibe chimene chikumvetsera. Apa ntchito ndi ya amene ali ku Thyolo. Alembe ss -tlnp | grep 3306. Pakapanda kutuluka kanthu, MySQL yaima, ndipo aone ndi df -h ngati disiki yadzaza. Pakatuluka 127.0.0.1:3306, seva ikungodzilankhula yokha, monga mmene Ubuntu imaikira poyamba. Atsegule /etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf, pa bind-address alembepo adiresi ya seva ya mu VPN (njira yotetezedwa yolumikizira maofesi kudzera pa intaneti), kenako sudo systemctl restart mysql. Ambiri amasintha fayiloyo bwinobwino n'kuiwala kuyambitsanso MySQL.

ERROR 1045 nthawi zambiri ndi dzina kapena pasiwedi yolakwika. ERROR 1130 ndi ina: MySQL imaona dzina pamodzi ndi kumene munthu akuchokera, choncho akaunti ya 'kalaliki'@'localhost' singalowe kuchokera ku Chipata ngakhale pasiwedi ili yolondola.

Imene imasokoneza anthu kwambiri ndi ERROR 1129. Netiweki ikamadukaduka pakati pa kulumikiza, seva imawerenga, ndipo zikakwana 100 motsatizana, womwe ndi mulingo wa max_connect_errors ngati sunasinthidwe, imatsekera adiresi yanu kunja. Netiweki imabwerera, inu muli otsekeredwabe. Woyang'anira seva alembe mysqladmin flush-hosts, kusintha pasiwedi sikuthandiza.

Amene mumagwiritsa ntchito data ya pafoni, adiresi yanu imasinthasintha, moti imene inaloledwa dzulo lero ikhoza kukanidwa. Musapemphe kuti aike % (chizindikiro chololeza adiresi iliyonse) pa akaunti ndi kutsegulira dziko lonse port 3306. Pa intaneti pali mapulogalamu amene amafufuza port imeneyi usana ndi usiku n'kumayesa mapasiwedi, pamene m'katimo muli malipiro a antchito ndi makilogalamu a tiyi amene alimi apereka. Gwiritsani ntchito VPN, apo ayi, ngati bind-address ikadali 127.0.0.1, dutsani pa SSH, njira yotetezedwa yolowera mu seva muli kutali: ssh -L 3307:127.0.0.1:3306 dzina@adiresi-ya-seva, kenako pulogalamu yanu muilozetse ku 127.0.0.1, port 3307. Lembani 127.0.0.1 yeniyeniyo, osati localhost, chifukwa pa Linux MySQL ikaona localhost imafuna fayilo ya socket pa kompyuta yanu yomweyo, port 3307 osaiyang'ana n'komwe, ndipo mudzaona ERROR 2002.

Potumiza dandaulo ku Thyolo, jambulani uthenga wonse wa ERROR, mulembe nthawi imene zachitika ndi netiweki imene munali nayo.