Mwana akangoti zii: zoyenera kuchita ngati ali pasukulu ya Katolika kuno ku Joni

Makolo anzanga, tikakumana ku mphakati Lamulungu timakamba za fizi, za yunifomu, za thiransipoti yomwe yakweranso, koma za mwana amene wasiya kudya, akungodzitsekera kuchipinda ndi foni, m'mawa uliwonse mutu kapena m'mimba, zimenezo timangoti ndi usinkhu basi zitha. Zina zimathadi. Zina sizitha zokha ayi, ndipo ine ndinazionera pa mwana wanga wa Grade 10 amene anakhala temu yonse akuvutika ine nkumangoona ngati ulesi.

Choyamba muziona kusintha, osati khalidwe lake lakale. Mwana wofatsa chibadwire si vuto. Koma amene ankaimba kwaya kapena kutumikira pa Misa ya sukulu ndiye wangosiya, malikisi atsika, tulo sakugona kapena akungogona masana onse, akupsa mtima ndi kanthu kakang'ono, ndipo zapitirira masabata awiri, pamenepo khalani naye pansi.

Nde kukhala pansiko ndi pomwe ambirife timalakwitsa. Timayamba ndi kuti ife tinavutika, tinakwera basi masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge kuti iwe uphunzire, ukusowa chani? Mwana akamva zimenezo amatseka pakamwa, chifukwa akudziwa kale kuti fizi ikukupwetekani ndipo sakufuna kukuonjezerani katundu. Musamuitane ngati pabwalo la milandu. Mutengeni popita ku shopu kapena pamene mukusadzula ndiwo awiriwiri, muzingoti "mwanawe, ndaona masiku ano sukusangalala, chikukuvuta ndi chani?" kenako mukhale chete. Chete weniweni, osamudula. Akayankha m'Chingelezi kapena kusakaniza ndi Chizulu musiyeni, si nthawi yomukonza chilankhulo imeneyo. Lero akapanda kunena kanthu mufunsenso mkuja.

Ana athuwa amasenza zinthu zomwe anzawo a m'kalasi sazidziwa nkomwe. Kutchedwa kwerekwere pa geti kapena mu taksi, kumva akuluakulu akukamba za 2008 pomwe ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra kuno ku Joni, kuopa kuti bambo akagwidwa opanda pemiti zikhala bwanji, maliro a agogo kumudzi omwe sanapiteko anangoonera pa WhatsApp. Nkhani ya mapepala makamaka imawadya mtima akamayandikira matric, mayeso omaliza a sekondale. Muuzeni zoona za mmene zinthu zilili, ndipo mudziwe kuti mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala, ndipo masukulu ambiri a Katolika m'dziko muno ndi a boma ngakhale ali pamalo a mpingo. Ku Sacred Heart College ku Observatory anayambitsa pulogalamu ya Three2Six mu 2008 yophunzitsa ana a anthu othawa kwawo ndi obwera, ndiye musaganize kuti nkhani zathuzi n'zachilendo kwa a mpingo kuno.

Mukatha kumva mwana, pitani kusukulu, musadikire tsiku la malipoti. Lembani uthenga kwa mphunzitsi wa kalasi yake kupempha nthawi yokumana, ndipo mufunse mosazungulira kuti pasukulupo pali counsellor kapena social worker, amabwera masiku ati, mwana angamuone bwanji popanda kalasi yonse kudziwa. Mphunzitsi wa Life Orientation, phunziro la maluso a moyo, nayenso nthawi zambiri amadziwa njira. Koma chonde mumuuze kaye mwanayo kuti mukupita ndipo mukanena zakutizakuti, mukapita mozemba sadzakuuzaninso kanthu. Ngati nkhani ndi yomuzunza anzake, lembani masiku ndi zomwe zinachitika, sungani ma screenshot, mupereke polemba kwa ahedi osati pakamwa pokha. Ndipo ngati pali womumenya kapena kumugwiragwira, kaya kunyumba kaya kusukulu, lamulo la Children's Act la 2005 limakakamiza aphunzitsi ngakhalenso atsogoleri a mipingo kukanena, ndiye asakuuzeni kuti tingokambirana mwachinsinsi kuteteza dzina la sukulu.

Tsopano za pemphero, pano ndikufuna tinvane bwino chifukwa ine ndine mkatolika wa korona m'thumba. Pempherani naye, mupiteni naye kwa bambo mfumu kapena kwa asisteri ngati iye akufuna. Koma musamuuze kuti akuvutika chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kuti wina kumudzi wamulodza. Mwana wa malungo timamupempherera uku tikuthamanga naye kuchipatala, matenda a maganizo n'chimodzimodzi. Kumbukiraninso kuti zomwe wanena polapa bambo mfumu sangaulule kwa munthu aliyense ngakhale kwa inu mayi ake, ndiye kulapa kokha sikungamufikitse kwa dokotala, pafunika kucheza kwina kunja kwa kulapako. Ngakhale Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2282 ndi 2283, amavomereza kuti kusokonekera kwakukulu kwa maganizo kungachepetse mlandu wa munthu amene wadzipha, ndipo akuti tisataye chiyembekezo pa chipulumutso chake. Ndiye ife tisakhale owuma mtima kuposa mpingo wathu.

Mwana akanena kuti bola kungofa, kapena mwaona mabala odzicheka pamkono, musamukalipire ndipo musaziyese zofuna kutchuka. Mufunseni maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera musamusiye yekha, chotsani mapilisi ndi mankhwala a makoswe m'nyumba, imbani SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, pa 0800 567 567 kapena Childline, yothandiza ana, pa 116, onsewa ndi aulere. Ngati wamwa kale kanthu, molunjika ku casualty ya chipatala chapafupi usiku omwewo. Manambala amenewa muwaike mu foni yanu ndi yake lero lomwe.

Nyengo yoti mutsegule maso kwambiri ndi October mpaka November polemba matric, ndi January zotsatira zikamatuluka. Muuzeni zisanatuluke, osati zitatuluka, kuti akalephera pali mwayi wolembanso ndipo pakhomo pano malo ake alipobe. Ndipo inu a komiti ya makolo, pa 10 October ndi tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, pemphani ahedi aitane munthu wodziwa adzalankhule ndi ana komanso ndi ifeyo, makamaka Loweruka masana poti ambirife mkati mwa sabata timaweruka mochedwa.