Sukulu ya kwacha isalowe m'chigafa cha mdima

Chisanu chitangoyamba, makalasi angapo a sukulu za kwacha kuno ku Kasungu achoka pansi pa mtengo n'kulowa m'zigafa zotchinga ndi udzu, ena m'matchalitchi akale a timazenera tating'ono. Makomiti akuti akuthawa mphepo. Vuto ndi loti posankha malowo palibe amene akufunsa ophunzira aulumali, ndipo m'kaundula mayina amene ayamba kujomba ndi awo omwe. Mphunzitsi akungolemba kuti "wasiya yekha". Sanasiye yekha, malowo ndiwo am'chotsa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali, ndipo vuto la maso ndilo linachuluka. Ndiye kuti m'kalasi la anthu 25 muyembekezere awiri kapena atatu, mwinanso kuposa apo chifukwa ophunzira athu ndi akuluakulu. Ambiri sanena. Mayi amene maso ayamba kuchita nkhungu sangakweze dzanja pamaso pa apongozi ake kunena kuti sakuona pa bolodi. Amangokopera za mnzake, kenako n'kuyamba kupereka zifukwa za kudimba.

Taonani zimene chigafa chimachita. Denga lake ndi lotsika, kuwala kumalowera kukhomo kokha, ndipo mphunzitsi amaimika bolodi cha kukhomo komweko kuti iyeyo aziona. Kuwala kukakhala kumbuyo kwake nkhope yake imada bii, ndiye munthu wovutika kumva, amene amadalira kuyang'ana milomo, watsala m'malere. "Ba" ndi "ma" adzazisiyanitsa bwanji, pomwe ngakhale poyera milomo imatsekeka mofanana? Wachialubino naye kuwala kochokera kukhomoko kumam'thobwa m'maso, bolodi n'kusanduka chinthu chotuwa basi. Mizati ya chigafa ndi yothithikana, njinga ya olumala singatembenuke. Kutchalitchi nako kuli masitepe atatu, munthu wamkulu n'kumanyamulidwa ngati thumba la chimanga tsiku lililonse la kalasi. Ndani angapirire zimenezo mpaka mayeso?

Chotopetsa kwambiri ndi yankho lija lakalekale loti "iwowa ngakhale aphunzire akagwira ntchito yanji?" Anthu amenewa akulima fodya, soya ndi mtedza, ali m'mabanki mkhonde, akulandira ndalama pa foni. Bambo wina wa dera la Santhe, wovutika kumva, anasiya kalasi litangosamukira m'chigafa. Fodya wake atagulitsidwa kumsika wa fodya wa Chinkhoma, pepala la malonda anam'werengera ndi mlamu wake, ndipo ndalama zimene anauzidwa zinasiyana ndi zolembedwa. Zinadziwika patapita miyezi, mwana wa sukulu atalipeza pepalalo m'chikwama. Bamboyo anali atafika kale powerenga manambala, anangotsala pang'ono. Amene amadinda chala pa pepala la ngongole ya feteleza, kapena kupatsa wina nambala yachinsinsi ya pa foni chifukwa satha kuwerenga uthenga, amaluza chimodzimodzi. Lamulo la dziko lino limaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo sukulu ya kwacha nayo ndi maphunziro.

Zokonza zake sizilira ndalama zambiri. Musanasamuke, komiti iyende pa malowo pamodzi ndi ophunzira aulumali eni ake, osati achibale owayankhulira. Ngati ndi chigafa, tsegulani mbali yosawomba mphepo ndipo bolodi liyang'ane kumene kukuchokera kuwala. Mphunzitsi ayambe walemba, kenako atembenuke n'kuyankhula, osamayankhula atafulatira. Anthu akhale mozungulira ngati pa bwalo kuti azionana nkhope. Bolodi lotuwa lipakidwe penti wakuda wosanyezimira, zilembo zikhale zazitali ngati chala chamkombaphala, ndipo wovutika kuona aloledwe kusendera pafupi mmene akufunira. Pa masitepe thirani chitunda cha dothi chotsendera bwino: sentimita iliyonse ya msinkhu ifuna masentimita 12 a utali, ndiye sitepe ya masentimita 30 ifuna mamita 3.6. Chikatsetsereka kwambiri njinga imabwerera chambuyo. Khomo lisachepere masentimita 90, lachimbudzi lomwe. Wa zala zofooka m'kulungireni mphira pa cholembera kuti chinenepe. Kalasi liziyamba 2 koloko dzuwa likadalipo.

Za zilembo za anthu osaona kafunseni ku sukulu ya ana osaona ya Chilanga, za chinenero chamanja ku bungwe la anthu osamva la MANAD, ndipo za njinga ndi ndodo zoyendera ku bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA, lomwe kale linali MACOHA, kudzera kwa mlangizi wa chitukuko wa dera lanu.