Kuwedza mawu: sewero loti ana adziwe mawu ambiri

Aphunzitsi anzanga kuno ku Mangochi, tikudziwa kuti ana athu ambiri amalowa Sitandade 1 akulankhula Chiyao kunyumba, kusukulu akupeza Chichewa, Chingerezi nachonso chili pompo. Ndiye zolemba mawu 20 pa bolodi n'kumangoti bwerezani pambuyo panga zija sizithandiza kwenikweni, mawa lake aiwala. Mawu amakhazikika mwana akawatchula yekha ndi kuwagwiritsa ntchito kangapo.

TALULAR tinaphunzira ku koleji ija, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka mosavuta m'dera lathu, ndi yomweyi. Pemphani makatoni ku golosale muwadule ngati nsomba, ina chambo, ina kampango, ina utaka, pa nsomba iliyonse lembani liwu limodzi lalikululikulu, kuseri mujambule chithunzi chake. Pakamwa boolani mulowetse kawaya kopinda ngati mphete. Mbedza ndi kawaya kena, ulusi ndi bango, basi zatha.

Jambulani nyanja pamchenga pansi pa mtengo mumwazemo nsombazo. Mwana akawedza awerenge mokweza, anene tanthauzo ngakhale m'Chiyao musamukalipire, ndi umboni kuti wamva, kenako apange chiganizo m'chilankhulo cha phunzirolo. Akakhoza nsomba ndi ya gulu lake, akalephera ibwerere m'madzi koma mnzake amuthandize kaye kuti aliyense amve yankho. Chiganizocho musachidumphe chonde, ambirife timathamangira pamenepa chifukwa cha nthawi koma mpamene pagona phindu.

Mawu atsopano asapitirire 5 kapena 6 pa sabata, enawo akhale akale a sabata zapitazo kuti azikumana nawo mobwereza. Kalasi ikakhala yodzadza gawani magulu, lililonse ndi mbedza yake ndi mtsogoleri amene amawerengako bwino, apo ayi ochenjera atatu okha ndi amene aziwedza enawo kumangoonerera.

Masiku ena sinthani, chitani ndagi. Inu "Ndagi!" iwo "Gize!" kenako fotokozani chinthu osachitchula, ndimayandama pamadzi ndimanyamula asodzi, iwo athamangire khadi la bwato.

Ngati sukulu yanu ili ndi matabuleti a BEFIT, pulogalamu ya boma yophunzitsira ana kuwerenga ndi masamu, ndi bwino ndithu, koma mwana atavala mahedifoni amamva zambiri kulankhula pang'ono, ndiye tengani mawu omwe akumana nawo mmenemo muwalembe pa nsomba zanu.

Makadiwo amateni selotepi ndipo muziwasunga m'chigubu chotseka bwino, chiswe ndi chinyezi cha dzinja sizichedwa kuwononga katoni.